Masikuluwu Opanda Penti Wofiira

Galimoto ya bambo inakana kulira Lolemba m'mawa. Sitata inkazungulira bwinobwino, koma injini osagwira. Ine ndinali pakhomo chikwama chili m'manja, ndikuthamangira ku saluni komwe ndimaluka anthu tsitsi, koma ndinaima kumvetsera. Ndinakulira pansi pa boneti ya galimoto imeneyi. Anzanga akusewera ndi zidole, ine ndinkagwirira bambo tochi ndi kuwapatsira zida, mpaka dzina loti Sipanala linandikanirira. Lero ndili ndi imvi zanga, banja linandikanika n'kubwerera kwathu, koma kwa bambo ndinali Sipanala basi.

"Sipanala! Tabwera utchere khutu kuthankiku."

Ndinagwada pafupi ndi tayala la kumbuyo, iwo n'kupotoza kiyi. Pampu ya mafuta ikakhala yamoyo imalira pang'ono ngati udzudzu. Tsiku limenelo kunali zii.

"Palibe, bambo."

"Ndiye injini ilibe mlandu. Moto sukufika ku pampu. Ndi fyuzi kapena karile kake, kaswitchi kotumiza motowo. Ntchito yoti tiyi wako asanazizire tathana nayo."

Bambo anayendetsa mabasi mpaka kupuma ntchito, ndipo galimoto yawo yabuluuyi sinapondepo ku garaja chiigulireni. Ankakonza okha pabwalo pathu, atayala katoni pansi. Anali ndi malamulo awo awiri. Loyamba, sikuluwu kapena nati iliyonse yomwe amanga ndi dzanja lawo ankaidontheza penti wofiira pamutu, kuti tsiku lina asadzafunse ngati anamanga kapena ayi. Ukatsegula boneti unkaona timadontho tofiira paliponse ngati galimoto yadwala chikuku. Lachiwiri, sankathyola kanthu. "Chotsekedwa ndi chida chimatsegulidwa ndi chida," ankatero. "Wothyola ndi wakuba." Pakhomo pathu panalibe amene sankadziwa malamulo amenewa, ngakhale achimwene anga amene girizi ankamuthawa ngati matenda.

Galimotoyi inali miyendo ya bambo. Mawondo awo anatha kalekale, moti kuyenda kukafika pamsewu waukulu inali nkhondo. Koma akakhala pa chiwongolero ankabwerera unyamata. Ankapita kukaona anzawo opuma ntchito, kukagula mbewu za maluwa, kapena kungozungulira tauni popanda chifukwa. Vuto linali maso. Ng'ala inali itayamba kuwaphimba, iwo n'kumakana kwamtuwagalu. Anali atagunda kale chipilala cha geti lathu, ndipo tsiku lina anagubuduza thebulo la mayi wogulitsa tomato pakona. Mayiyo anadumpha, mwamwayi. Achimwene atamva anandiimbira foni n'kulalata kuti madala asiye kuyendetsa. Ndinati bwerani mudzawauze. Anabwera Lamlungu lake, anamwa tiyi, anakamba za mpira, n'kumapita.

M'mawa umenewo bambo anatsegula boneti n'kulunjika pa bokosi la mafyuzi. Zogwirira chivundikiro chake zinathyoka ine ndili ku sekondale, ndiye bambo anaboola okha mabowo anayi n'kumangapo masikuluwu wamba. Anaika sikuludiraiva pa yoyamba, inaterereka. Anayesanso, inaterereka. Anaiika pansi n'kusisita mutu wa sikuluwuyo ndi chala.

"Awa si anga."

Ndinaweramira. Mutu wake sunali wa mzere kapena wa mtanda. Unali ndi dzenje looneka ngati nyenyezi, ndipo pakati pa dzenjelo panatuluka kachitsulo kosongoka ngati kamchombo, koletsa chida chilichonse kulowa. Onse anayi anali otero, onyezimira, opanda penti.

"Tingothyola chivundikirocho, bambo. N'chapulasitiki."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anaitanitsa kandulo, anaiyatsa, n'kukanda phula lofunda mpaka linakhala kampira. Analidinda pamutu pa sikuluwu imodzi n'kundipatsa. "Chida chake chilipo penapake. Kachipeze."

Masana ndinaimbira achimwene. Amagwira ntchito mu ofesi yaikulu kutsidya kwa tauni, ndipo amalankhula pafoni ngati aliyense ndi wantchito wawo.

"Mlongo wanga, magalimoto amabwera choncho kuchokera ku fakitale," anatero. "Madala ayamba kuiwala, sukuona? Asiye alimbane nayo, atopa okha. Akafuna kupita kwina ndizitumiza dalaivala."

Ndinkadziwa kuti mabowo aja anaboola ndi bambo, tochi ndikugwira ndine. Komabe mawu a munthu wovala tayi ali ndi mphamvu yake, amakulowa ngati chimfine. Madzulo ndikuwathira mankhwala m'maso ndinafunsa mwaulemu kuti, "Kapena munasintha nokha, bambo, mwangoiwala?" Anangotsinzina, mankhwala n'kutsikira m'masaya.

Kusaka kunayamba mawa lake. Mu hadiweya yoyamba munali mayi wonenepa amene anayang'ana phula langa n'kufunsa ngati ndi mankhwala a sing'anga. Yachiwiri inandigulitsa seti ya zida za nyenyezi, zokongola m'kabokosi kofiira, wogulitsa akulumbira kuti zimamasula chilichonse pansi pano. Bambo anayesa chimodzichimodzi. Zonse zinkakakamira pa kamchombo kaja. Anatenga chimodzi, anachimanga pa vaisi, n'kuyesa kuchiboola pakati ndi dirilo kuti kamchomboko kazilowa. Chitsulo chake chinali cholimba. Dirilo inathyoka n'kuwacheka chala, ndipo magazi anadonthera pansi iwo akufufuza nsanza pomwe panalibe nsanza. Ndinawamanga bala, tonse osatchula za maso.

Kumsika wa zitsulo zakale, bambo wina wogulitsa masipanala adzimbiri anati andiperekeze ndi hamala ndi tchizulo, akangomenya kamodzi nkhani yatha. Ndinati kwathu mukafika ndi hamala mukabwerako ndi mutu wotupa. Ku garaja ina makaniko anali nacho chida chobooka pakati, ndinachiona ndi maso angawa, koma anachibweza m'thumba la ovolosi. "Ife sitibwereketsa zida, amayi. Kokani galimotoyo ibwere kuno." Ndinamuchonderera mpaka anandilola kuchiyesa pa phula. Sichinakwane. Chinali ndi nsonga zisanu ndi imodzi, pamene nyenyezi yathu inali ndi zisanu zokha. Makanikoyo anakanda mutu n'kunena kuti zoterezi iye sanazionepo.

Ndinkatseka saluni masana dzuwa likuswa mtengo, makasitomala akudandaula mitu ili theka, ine ndili m'minibasi ndi kaphula m'chikwama. Ndikafika kunyumba ndinkapeza bambo ali pakhonde, atavala nsapato zoyendera, akuyang'ana galimoto. Dalaivala wa achimwene anabweradi kamodzi. Bambo anamuthokoza, anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti alibe kopita. Ankadya pang'ono. Anasiya kumeta ndevu. Munthu amene ankandidzutsa ndi phokoso la masipanala anayamba kugona masana pampando, pakamwa pali yasa. Zinkandiwawa kuwaona choncho, ndipo ndinalumbira kuti chidacho ndichipeza ngakhale nsapato zithe.

Anandilondolera ndi kasitomala wanga, mkazi wa woyendetsa takisi. Ndikumuluka, anaona phula pathebulo n'kunena kuti masikuluwu achilendo onse m'tauni muno amachokera kwa a Mawaya, bambo amene amaika mawailesi m'magalimoto kuseri kwa siteji ya mabasi.

Shopu ya a Mawaya inali kontena yodzaza ndi masipika. Anali munthu wansangala, wa mano otalikirana, woyankhula asanaganize. Atangoona phula anaseka.

"Awa ndi anga awa! Nsonga zisanu. Ndimamangira mawailesi kuti anyamata a zala zazitali alire. Simungachipeze chida chake mu hadiweya, ndimaitanitsa ndekha." Anatsegula kabati n'kutulutsa kachida kakang'ono ngati chala cha mwana, kobooka kunsonga. Anakaika pa phula, kanalowa kuti tswii. "Ndi wailesi ya galimoto yanji?"

"Si wailesi. Ndi bokosi la mafyuzi. Galimoto yabuluu, yakale."

"Ya timadontho tofiira? Ee, ndikuidziwa! Ndinabwera ndine kwanuko. Bwana wina wa tayi anadzanditenga, akuti madala ake sakuona koma sakumva za munthu. Tinazula karile ka pampu, n'kumanga awa. Ndinati bwana, pulasitiki iyi munthu angoithyola ndi dzanja. Iye akuti, simukuwadziwa bambo anga, angafe osathyola." Anasekanso, kenako anaona nkhope yanga n'kutseka pakamwa. "Inu ndinu ndani wawo?"

"Linali liti tsiku limenelo?"

"Loweruka lina m'mawa. Pakhomo panalibe munthu. Bwanayo anali ndi makiyi."

Makiyiwo ndinawapatsa ndine. Loweruka limenelo ndinaperekeza bambo ku chipatala cha maso pa takisi, chifukwa akathira mankhwala otanula maso munthu sayendetsa. Achimwene ndi amene anatipezera malo kwa dokotala, ndi amenenso anapempha makiyi a geti ndi a m'nyumba, ati abweretse pulambala adzakonze mpopi wodontha kukhitchini. Ndinawathokoza kwambiri tsiku limenelo. Mpopiwo ukudonthabe mpaka lero.

Ndinaimba foni ndili pomwepo, pakati pa phokoso la mabasi.

"Achimwene, ndili kwa a Mawaya."

Anapumira m'mwamba ngati ine ndi amene ndawalakwira. "Ndiye ukufuna chiyani? Aphe munthu pamsewu? Mayi wa tomato uja akanafa, ukanakaima ndiwe kukhoti?"

"Za maso mukunena zoona. Koma pakamwa munasiya kuti? Bwanji osakhala nawo pansi n'kuwauza ngati mwana wawo?"

"Umawadziwa madala. Akanandilalatira."

"Ndiye munaopa kulalatiridwa, n'kundigwiritsa ine fuwa lamoto? Ndazungulira tauni yonse ngati wamisala. Adzicheka chala. Sakudya. Mpaka ndinawauza kuti ayamba kuiwala, chifukwa cha inu!"

"Tamvera, chidacho usawapatse. Uwauze kuti chasowa. Pakapita nthawi azolowera."

"Bwerani madzulo ano mudzanene nokha."

"Ndili ndi msonkhano, mlongo wanga. Tikambirana."

Ndikanakhala nawo pafupi ndikanawang'amba tayiyo. Anthu ena amabadwa ndi mwayi woti zoipa zawo azinyamula ndi ena. Achimwene kuyambira ali mwana ankaswa kapu n'kupita kusukulu, wotsala pakhomo ndiye ayankhe. Kachida kaja ndinakagula kwa a Mawaya, ndipo m'minibasi ndinakafumbata mpaka kanandidinda m'dzanja. Kunama sindikanatha. Ndinaganiza zoti ndikafika ndiwakhazike pansi bambo, ndiwauze zonse mwadongosolo, za a Mawaya, za makiyi, ngakhale za maso zomwe tonse tinkaziopa, kenako ndiwapatse chidacho.

Sizinayende choncho. Ndinawapeza pakhonde, ndipo anamva kayendedwe kanga ndisanatseke geti.

"Wachipeza," anatero, akuimirira movutikira. Nkhope yawo inawala koyamba chiyambireni nkhaniyi. "Sipanala wanga! Bwera nacho kuno."

"Bambo, pali zoti ndikuuzeni kaye."

"Zidikire. Galimoto iyambe yanena zake."

Anatsegula boneti, anaika kachidako pa chogwirira, n'kuweramira pa bokosi. Nsonga inagunda pulasitiki. Anasuntha pang'ono, inagundanso pambali. Anayandikitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza injini, koma dzenje la nyenyezi linali laling'ono kwambiri kwa maso awo. Ndinagwira dzanja lawo n'kulilondolera. Sanakane. Kachidako kanalowa, ndipo sikuluwu inamasuka mosavuta ngati sinativutitsepo. Tinamasula onse anayi motero, dzanja langa pamwamba pa lawo. Anawaika m'thumba la malaya n'kuchotsa chivundikiro.

Sanayang'ane n'komwe. Anayendetsa chala pa mafyuzi monga ankachitira kale, akutchula pansipansi: nyali, hutala, mawaipa. Chala chinafika pamalo a karile ka pampu n'kulowa m'dzenje. Chinakhala momwemo nthawi yaitali.

"Sikanapse," anatero. "Kanachita kuzulidwa."

"Ndi zomwe ndimafuna kukuuzani. Ndi achimwene. Anabwera ndi munthu tsiku lija tinapita kuchipatala. Ine ndazimva lero lomwe."

"Analowa bwanji?"

"Anali ndi makiyi."

"Anamupatsa ndani?"

"Ndine, koma anati ndi za mpopi."

"Ndipo amene ananditulutsa pakhomo tsiku limenelo ndani?"

"Bambo, ndikulumbira, sindinkadziwa kanthu."

"Amene anandiuza kuti ndayamba kuiwala ndani?"

Zonse zomwe ankafunsa yankho lake linali ine. Wopereka makiyi, ine. Wowakweza takisi, ine. Wowakayikira nzeru, ine. Achimwene sanasiye chala chawo paliponse, anachita kubwereka manja anga ndi a Mawaya. Ndinalira ndi mkwiyo, ndikufotokoza za mahadiweya ndi minibasi ndi makasitomala omwe ndinataya, koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati wakuba wogwidwa.

Ndinkayembekezera kuti atenga kawaya n'kulumikiza pomwe panali karile. Ndi ntchito yomwe anandiphunzitsa okha ndili mtsikana, ndipo galimoto ikanalira nthawi yomweyo. Sanatero. Anapukuta manja pansanza pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Ukuganiza kuti sindikudziwa kuti sindikuona?" anatero. "Mayi wa tomato uja ndimamulota. Mukanabwera awirinu n'kunena kuti bambo, zakwana, ndikanakutukwanani. Ndikanakuthamangitsani pakhomo pano. Mawa lake ndikanakuitanani n'kukupatsani makiyi ndi dzanja langa. Ndinkangodikira kuti mwana wanga mmodzi andiuze m'maso muli gwa, ngati munthu. Koma mwanditsekera kunja kwa galimoto yanga ngati mbava."

Anabwezera chivundikiro osamanga, anatseka boneti, n'kuika makiyi a galimoto pamwamba pake. Analowa m'nyumba atagwira khoma. Makiyiwo anagona pomwepo mpaka ndinawachotsa ndine mvula itayamba.

Achimwene anabwera Lamlungu ndi jusi ndi mabisiketi, ndipo ndinati lero kuphulika. Ndinakhala kukhitchini khutu lili pakhomo. Bambo anawalandira bwino. Anafunsa za ana, za ntchito, anakamba za mpira, mpaka anaseka. Za galimoto sanatchule, achimwene nawonso sanatchule. Potuluka anandipeza pa sinki n'kundigwira paphewa.

"Waona? Ndinakuuza kuti azolowera."

Ndinachotsa dzanja lawo ndi chigongono chifukwa m'manja munali sopo. Mlendo wa Lamlungu sakwiyiridwa, amamwa tiyi n'kumapita. Mkwiyo umatsalira amene amaphika, amene amachapa, amene amathira mankhwala m'maso m'mawa ndi madzulo. Bambo sanandilalatire ngakhale kamodzi, ndipo bola akanatero. Ankayankha zonse mwaulemu. Zikomo, ndakhuta. Zikomo, ndithira ndekha. Mankhwala ankathera m'masaya ndi pa kolala, koma sankalola kuti ndiwagwire nkhope. Dzina loti Sipanala linafera pa boneti paja.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda ka zida. Chibadwire changa sikanatsekedwepo. Ndinkalowamo kukatenga pulayala, guluu, waya womangira madiraya a ku saluni, osapempha munthu, chifukwa bambo ankati zida za m'menemo ndi zathu awiri. Lolemba lotsatira ndinamva kugogoda kumeneko m'mawa, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe kuti ayambanso kugwiragwira. Ndinawasiya, n'kupita kuntchito.

Nditabwerako ndinazungulira kuseri kukatenga pulayala. Pachitseko panali loko watsopano. Chitsulo chokolekapo lokoyo chinali chopendama pang'ono, chomangidwa ndi masikuluwu anayi onyezimira, a nyenyezi ya nsonga zisanu ndi kamchombo pakati. Bambo anali pakhonde, ndipo kachida kaja kanali pachingwe m'khosi mwawo, pamwamba pa malaya, poti ndikaone.

Pakhomo pathu timakhala anthu awiri okha, ndiye sindinafunse kuti loko ameneyu akutsekera ndani. Ndinayandikira chitseko. Anali atadontheza penti wofiira monga mwa lamulo lawo, madontho anayi, kusonyeza kuti awa amanga ndi dzanja lawo. Dontho limodzi lokha ndi lomwe linagwera pa sikuluwu. Atatu enawo anagwera pambali, pathabwa.